Mbale ya Chinjoka Ilowa mu Ararem

Pulani inabadwa Lachisanu masana, kuseri kwa shedi ya mabwato ku Bosnik, chigubu cha uchema chitafika pakati. Mapulani onse a Dortheus ankabadwira pamenepo, pakati pa chigubu. Anzake ankamutcha Jenerale chifukwa anagwirapo ulonda pa hotela ina mtauni ya Biak kwa masabata atatu, ndipo chichokereni kumeneko ankayankhula ngati munthu amene anapambanapo nkhondo.

"Septinus, msuweni wanga, leka kuusa moyo ngati ng'ombe yodwala," anatero Jenerale. "Vuto lako ndi mbale basi. Mawa ukhala nayo."

Septinus anali atakonda Yakomina, mtsikana wogulitsa pinang, mtedza wotafuna wofiiritsa milomo, pamsika, kwa chaka chathunthu. Chikondi chake chinali chachinsinsi chozama kwambiri moti ngakhale Yakomina mwiniwake sankachidziwa. Nyumba ya kwao ankaidziwa bwino: chitseko chobiriwira, mtengo wa mango pakhomo. Koma anali atalumbira kuti sadzamuyankhula mpaka atapeza mbale yakale ya malowolo, poti mwamuna wobwera wopanda mbale yotere azakhali a mkazi amangomuseka mpaka kumsewu. Ya kwao inapita kale ndi ukwati wa mkulu wake.

"Bambo Obed Mandowen, aja a mabwato asanu a nsomba," Jenerale anatsitsa mawu. "Ndinawakonzera malata mwezi watha. Kudenga kwao, m'thumba la mpunga, muli chimbale chachikulu ngati tayala la njinga, chojambulidwa chinjoka cha buluu. Mbale zina zonse anapachika pakhoma. Iyi yokha anabisa."

"Anabisiranji?" anafunsa Septinus. Zinthu zobisika zinkamukomera kuposa chakudya.

"Ndine mlosi ine? Tamvera nzeru apa. Mawa mwana wao Elieser akukapereka malowolo. Kuli ararem, mdipiti wokapereka mbale kuchikazi! Nyumba yonse ikhala pamsewu, ndi galu yemwe. Ndiye tandiuze, tsiku limene Bosnik yense wasenza mbale, ndani angafunse munthu wosenza mbale?"

Wachitatu m'gululi anali Yeremias, wotchedwa Nkhanu chifukwa akalawa pang'ono ankayenda cham'mbali. Anakanda mutu.

"Nanga akukalowola mwana wa ndani?"

"Iwe Nkhanu, tikukaba mbale kapena tikukadya ukwati? Thira uchema apo."

Loweruka m'mawa zonse zinayenda monga mwa pulani, kupatula mwendo wa Nkhanu umene unaboola siling'i n'kulendewera pabalaza ngati nthochi. Mbale anaipeza. Septinus anaigwira ndi manja awiri. Anaona kale Yakomina akumwetulira, anaona ana ao anayi, anawapatsa ndi maina omwe. Anaikulunga ndi nsalu ya patebulo ya maluwa, n'kuisenza pamutu.

Atangotuluka pageti, ng'oma za tifa zinamveka pakona. Mdipiti wa ararem unali utakazungulira kaye kukatenga achibale a kumtunda, ndipo tsopano unkabwerera kudutsa pomwepo: mbendera kutsogolo, amayi ndi mbale pamutu, anyamata ndi magitala, fumbi kobo! Bambo Obed anali kumbuyo kwenikweni, pampando wakutsogolo wa galimoto, akudzipepesa ndi chipewa.

"Osathawa," Jenerale ananong'ona. "Lowani m'kati. Tikafika pamlatho tipatuka mmodzimmodzi. Izi ndinaziwerengera kale."

Chimene sanawerengere ndi mayi wina wojintcha, milomo psuu ndi pinang, amene ankayendetsa mdipitiwo ngati wapolisi wa pamsewu. Anayang'ana katundu wa Septinus, maso n'kutuluka.

"Iwe mwana iwe, chimbale chonsechi ukubisala nacho pakati? Sunaleredwe? Yaikulu imayenda kutsogolo!"

"Mayi, ine ndangoperekeza..."

"Tonse tikuperekeza. Tiye! Ndipo uvine, sitikupita kumaliro."

Anamukankhira kutsogolo. Jenerale anapatsidwa mbendera, poti anali wamtali. Nkhanu anapatsidwa tifa ya m'khwapa, ndipo pasanathe mphindi ziwiri anali ataiwala kuti ndi mbava. Ankaimba mokweza kuposa eni ukwati.

Pamlatho Jenerale anayesa kupatuka, koma mdipiti wonse unapatuka naye, poti unkatsatira mbendera. Mayi uja anamumenya ndi thumba lake la noken kumsana. "Njira si imeneyo, chitsiru! Kumanzere!"

Anakhotera kumanzere. Anadutsa tchalitchi. Anadutsa chitsime. Septinus, thukuta lili chuchuchu, anayamba kuizindikira njirayo, ndipo miyendo inayamba kuvina yokha mwini wake atachokamo. Ayi, pali nyumba zambiri mumsewu uno, anadzilimbitsa mtima. Pali ya aphunzitsi. Pali ya abusa, ali ndi ana aakazi atatu. Mdipiti unadutsa ya aphunzitsi. Unadutsa ya abusa. Unakaima pansi pa mtengo wa mango, patsogolo pa chitseko chobiriwira.

"Msuweni," Septinus anayankhula ndi mawu a munthu womira, "apa ndi kwa Yakomina."

"Khala chete, ndikuganiza," anatero Jenerale.

Pakhonde anali atayala mphasa. Mayi Dorkas, azakhali a Yakomina, anakhala pakati miyendo tambalale, akulandira mbale imodziimodzi. Iliyonse ankaigogoda ndi chikhadabo, n'kutchera khutu, n'kuiika pambali. Zitatha za pamphasa anapukusa mutu.

"Bambo Mandowen, mbale zabwino ndithu. Koma ya chinjoka ija ili kuti? Inachoka m'nyumba muno pamene mchimwene wanga ankalowola mlongo wanu. Lero ndi tsiku lake lobwerera kwao."

Bambo Obed anavula chipewa, nkhope yachisoni ngati mkulu wa mpingo. "Mayi, ndinanena kale. Inasweka ndi chivomezi chija. Ndinalira sabata yathunthu."

"Pepani kwambiri. Ndiye mukalirenso ina, chifukwa popanda mbale imeneyo mwana wathu satuluka m'nyumba muno."

Ng'oma zinaleka. Elieser anagwira mutu. Koma mumtima mwa Septinus munatuluka dzuwa. Ukwati watha! Ndipo mbale imene akuifunayo ili pamutu pake! Angochoka nayo mwakachetechete, adikire mwezi umodzi, abwere yekha atavala jekete. Anayamba kubwerera chafutambuyo, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, mpaka anagunda chinthu chofewa.

Anali mayi wa noken uja.

"Iwe ukupita nayo kuti? Taonani mwana wamanyaziyu, wavina nayo njira yonse, pano akuopa kupereka!" Anaitsitsa pamutu pake, n'kuiika pamphasa, n'kusolola nsalu ya maluwa ija.

Chinjoka cha buluu chinawala padzuwa. Mayi Dorkas anaigogoda kamodzi. Mbale inalira ngati belu la tchalitchi.

"Ambuye ndi wamkulu," anatero mayiwo, maso ali pa bambo Obed. "Chivomezi chabweza."

Nthungululu zinang'amba mudzi. Mbale yafika pamphasa sibwereranso, zimenezo ngakhale bambo Obed ankazidziwa. Anayang'ana mbale, anayang'ana nsalu ya patebulo pao, kenako anayang'ana anyamata atatu aja.

"Inu ndinu ana a ndani?"

"Ndife akuchikazi, bwana," anatero Jenerale msangamsanga.

"Akuchikazi ndife," anayankha mayi Dorkas. "Nkhope izi sitinazionepo."

"Ndimati akuchimuna."

"Akuchimuna ndine," anatero bambo Obed, akuyandikira. "Dikira kaye. Iwe si uja unandikonzera malata?"

Nkhanu anaona kuti mpofunika kuthandiza mnzake. "Malata ali bwinobwino, bwana, taonako lero. Koma siling'i yanu ndi yofooka, imeneyo musamunamizire."

Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango, atawamanga ndi chingwe cha bwato chimodzi onse atatu, podikira apolisi. Phwando linapitirira pamaso pao. Nsomba zootcha zinkadutsa, osaima.

Kenako chitseko chobiriwira chinatseguka. Yakomina anatuluka, mikanda m'khosi, nthenga m'tsitsi, n'kulunjika pamtengo paja atanyamula kapu ya tiyi. Anagwada patsogolo pa Septinus, pafupi kwambiri moti anamva fungo la mafuta a kokonati m'tsitsi lake.

"Achimwene, akuti ndinu munasenza mbale ija. Miyezi isanu ndakhala ndikulira chifukwa cha mbale imeneyi, ndimati Elieser wanga ndamutaya. Mulungu akudalitseni." Anamumwetsa tiyi ndi dzanja lake, poti manja a Septinus anali omangidwa. "Koma dzina lanu ndani?"

Septinus anameza tiyi. Anatsegula pakamwa.

"Usatchule dzina, chitsiru iwe," Jenerale anamugunda ndi chigongono. "Mpaka pano sakutidziwa."