Lero Ilibe Shoko

Pulani inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ya kuseri kwa malo omwetsera mafuta, dzuwa lili pamutu, nthawi imene anthu olongosoka amakhala ali pa ntchito. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma anaiwala kutiuza chimene chimachitika mitu ikakhala itatu, yonse yopanda kanthu.

Mutu woyamba unali wa Jenerali. Usilikali sanaulowepo, dzinali analipeza chifukwa cha jekete ya mabatani owala imene ankavala ngakhale kutenthe bwanji. Wachiwiri anali Khutu, kazitape wa gululi, munthu wakumva zonse koma theka lokha. Wachitatu anali Simenti, ndipo mukamuona atakhala pa mpando wa pulasitiki simungafunse kumene dzinalo linachokera.

"Amwene," anatero Jenerali akugogoda botolo pa tebulo, "ya dokotala wa mano ija yalowa m'galaja ya alamu anga. Pamene pamakhala makiyi ndikupadziwa. Wogula ndili naye kale. Iyi ndi dilu ya kudya ndi supuni."

Galimotoyo tonse tinkaidziwa. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yotsitsidwa mpaka mimba yake kumanunkhiza fumbi, moti ngakhale nkhuku yothawa mvula sikanapeza polowera pansi pake. Ikamadutsa, mazenera a mumsewu wonse ankanjenjemera.

"Ine ayi, bige," anakana Khutu. "Ija imamenya shoko. Tsiku lina ndinangoti ndigwireko chitseko pamene inaima pa sitolo, thwa! Mpaka m'chigongono. Dokotala uja anaitchera magetsi."

Chimene chinamuluma Khutu ndi kakuthetheka kaja kamene kamaluma aliyense wogwira chitsulo kunja kukauma. Koma iye anailalika nkhaniyi m'mabala onse mpaka mbava za m'dera lonse zinkailambalala galimotoyo ngati manda.

"Ndiye ukafufuze," anatero Jenerali. "Makaniko sangaigwire ili ndi magetsi. Pali tsiku limene azimitsa. Tsiku limenelo ndi lathu."

"Nanga amake mapasa?" anafunsa Simenti, amene ankalankhula kamodzi pa tsiku koma molasa.

Jenerali anameza mowa molakwika n'kutsokomola. Amake mapasa anali mkazi wake, ndipo padziko lonse ndi iwo okha amene ankawaopa ndi kuwakonda nthawi imodzi. Ulendo wapita atamangidwa, mayiwa ndi amene ankayenda wapansi kukamupatsira chakudya kundende m'kambale kobiriwira ka chivindikiro. Atatuluka, mayiwo anamukana. Amene anakawagwadira kuti amulandirenso anali mlongo wawo, makaniko yemwe uja wa galaja. Mayiwo analola, koma anaika mawu: "Mukadzagwiranso cha mwini, musadzavutike n'kubwera kuno. Zovala zanu zidzakupezani komwe muli."

"Sadzadziwa," anatero Jenerali akupukuta pakamwa. "Komanso iyi ndi yomaliza."

Mbava iliyonse imene ndinakumana nayo inali pa ntchito yake yomaliza.

Ine ndimamata matayala moyang'anizana ndi galajayo, choncho zotsatirazi ndinazionera pa mpando wakutsogolo, osalipira. M'mawa mwake Khutu anafika pa malo anga n'kuyamba kupapasa matayala ngati wogula, munthu wopanda ngakhale wilibala. Khutu lake linali tsidya lina la msewu.

Kumeneko makaniko anali pa mavuto ake. Mashoko a galimotoyo, zitsulo zija zimene zimaletsa galimoto kudumphadumpha ikaponda bampu, anali atatheratu. Akutsogolo ankadontha mafuta. Akumbuyo anali atawamasula kale n'kuwaponya pakona, galimoto n'kuitsitsa pa jeke itangokhalira masipuling'i okha. Atatsegula mabokosi a atsopano anapeza kuti a kusitolo amutumizira aatali, a galimoto wamba, pamene yotsitsidwa imafuna aafupi. Anaimbira dokotala foni, akukuwa chifukwa cha phokoso la mumsewu.

"Ayi bwana, lero musabwere! Ilibe shoko! Ndachotsa! Ndikasinthe kaye awa masana ano, mawa ndiye ndiika!"

Khutu anasiya tayala likugubuduka n'kuliyatsa liwiro.

"Bige! Ndamva ndi makutu angawa! Akuti lero ilibe shoko, achotsa. Mawa abwezeretsa. Ndipo masana ano akuchoka!"

Jenerali anaimirira n'kumanga mabatani onse a jekete. "Mwaona? Mutu uwu si wa chipewa chokha."

Masana makaniko anamangirira mabokosi pa njinga yamoto, anakoka geti osakhoma, n'kundikuwira kuti, "Neba, mundiyang'anireko!" Ndinavomera. Fumbi lake lisanakhale pansi, ankhondo atatu anatulukira pakona. Jenerali patsogolo, Simenti pambuyo akupuma ngati wakwera phiri, pakati Khutu atavala magambutsi ndi magolovesi achikasu otsukira mbale, poti mwina magetsi ena anatsalira.

Apa ndiyenera kukufotokozerani za geti la galajayo. Ndi lopapatiza, lili pakati pa zipilala ziwiri zonenepa za njerwa, ndipo pansi pake pali hampu ya konkire imene makaniko anamanga kuti madzi a mvula asamalowe. Magalimoto ena amangoikwera. Ya dokotala ankailowetsa poyala matabwa awiri aatali, pang'onopang'ono, dokotalayo atagwira mtima m'manja. Matabwawo anali pomwepo, oyalidwa kale.

"Simenti, konza njira," analamula Jenerali atatsegula geti. "Chotsa zinyalala zonsezi."

Simenti ananyamula matabwa onse awiri ndi dzanja limodzi n'kuwaponya kuseri kwa mpanda. Anagwira ntchito yake mokhulupirika, ndimuchitire umboni.

Mudzandifunsa chifukwa chake sindinakuwe. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma nditaona matabwa akuuluka, ndinatseka, ndinakoka mpando wanga n'kukhala bwino.

Makiyi anawapeza pa msomali kuseri kwa kalendala. Khutu anagwira chitseko ndi chala chimodzi cha golovesi, maso ali chitsinzinire. Sichinamulume. "Zoona, bige! Yazima!"

Kulowetsa Simenti ku mpando wakumbuyo kunali ngati kubwezera mankhwala otsukira mano m'chubu. Anamukankha awiri, wina ndi phewa wina ndi bondo, mpaka analowa. Galimoto inalira kwii, n'kukhala pansi. Kampata kaja kamene kankakaniza nkhuku tsopano kakanakaniza ndi buluzi yemwe.

Injini inabangula. Jenerali anamwetulira, mano onse pamtunda. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anangoti aponde pang'ono, kumbuyo kwa galimoto kunadumpha. Kunatsika, kunadumphanso, osaleka. Mutu wa Simenti unkagunda denga, du, du, du.

"Ikuvina bwanji?" anafunsa Khutu atagwira lamba.

"Ndi mphamvu zimenezo, mbuli iwe! Za mipikisano zimatero!"

Ndiye poti woyendetsa wanzeru akaona hampu amachepetsa liwiro, Jenerali anawonjezera. Matayala akutsogolo anakwera bwino n'kutsikira kunja. Kenako kunamveka kukhuluza kumene mpaka lero ndikakukumbukira mano anga amachita dzanzi. Mimba ya galimoto inakhala pa hampu, ekizozi inakola njanji ya geti, ulendo unathera pomwepo. Mphuno mumsewu, matako m'galaja.

Jenerali anaponda mafuta. Matayala akumbuyo anangopala konkire n'kufuka utsi. Anaika rivesi, chimodzimodzi.

"Simenti, weramira kutsogolo!"

Simenti anawerama, galimoto inaweramira kutsogolo.

"Bwerera m'mbuyo!"

Anabwerera, nayo inabwerera. Inkangopendama uku ndi uku ngati sikelo ya pa msika, koma kusuntha ayi.

"Tithawe, bige," anatero Khutu. Anakankha chitseko, chinagunda chipilala. Jenerali anakankha chake, chinagunda chipilala chinacho. Mpata wotsala unali wongokwana dzanja. Mawindo nawo anayang'anizana ndi njerwa, ndipo njira ya kumbuyo inali itatsekedwa ndi Simenti yense. Pofuna kutembenuka, Simentiyo anakanikiza Jenerali pa chiwongolero, huta n'kuyamba kulira. Mbava zinadziitanira anthu zokha.

Anabwera ometa tsitsi ndi makasitomala awo ometedwa theka, amayi ogulitsa zovala, oyendetsa njinga, aliyense foni m'mwamba. Wina anafunsa ngati akufuna madzi akumwa. Ine, monga mlonda wosankhidwa, ndinafotokozera ofika mochedwa kuyambira pachiyambi.

Makaniko anafika ndi mabokosi ake atsopano. Anazimitsa njinga, anayang'ana galimoto, anayang'ana ekizozi yopindika, kenako anasuzumira pa galasi lakutsogolo. Nkhope yake inagwa. Kuseka kwanga kunathera pamenepo, chifukwa munthuyu ndinamuona ndi maso anga akupita kukagwadira mlongo wake chifukwa cha chitsiru chimenechi.

"Alamu," anatero motsitsa mawu.

"Alamu," anayankha Jenerali. "Timangoti tikuyesereni ngati ikuyenda bwino."

"Mwaipeza bwanji?"

Khutu analowerera, wokwiya ngati munthu amene wagulitsidwa katundu wovunda. "Koma madala, inu munanena nokha kuti ilibe shoko!"

"Ilibedi. Si awa ndanyamulawa?" Makaniko anatsegula bokosi n'kutulutsa chitsulo chachifupi chonyezimira. Khutu anachiyang'ana, anayang'ana magolovesi ake achikasu, n'kuwabisa pakati pa miyendo. Gulu la anthu linagwa nacho chiseko.

Makaniko sanaseke. Anatulutsa foni. "Alamu, musankhe nokha. Ndiimbire apolisi kapena mlongo wanga?"

"Apolisi, alamu! Chonde, apolisi. Ndikugwadirani, kungoti malo ogwadira mulibe muno."

"Apolisi ndawaimbira kale ine," ndinatero, pofuna kuthandiza.

"Ndiye kwatsala mmodzi," anatero makaniko.

Amake mapasa anafika apolisi asanafike. Sanathamange, sanalire, sanatukwane. Anabwera atasenza chikwama chachikulu, anthu n'kuwapatukira okha. Anachitula pa boneti ya dokotala, anatsegula zipi, n'kuuza mwamuna wawo kuti atsitse windo.

"Amake mapasa, ndifotokoze..."

"Landirani."

Chikwama sichikanalowa pa kampata ka pakati pa windo ndi chipilala, choncho ankalowetsa chimodzichimodzi. Malaya. Buluku. Malaya a ukwati aja. Nsapato, imodzi kenako inzake. Jenerali ankalandira n'kumaunjika pa miyendo, zina n'kumapatsira Simenti kumbuyo, mpaka mabatani owala aja anakwiririka. Anthu amene ankaseka aja anayamba kutsitsa mafoni.

Chomaliza chinali kambale kobiriwira ka chivindikiro. Anakapendeketsa kuti kalowe.

"Aka mukadziwa ntchito yake," anatero mayiwo. "Wokabweretsa mupeze nokha."

Jenerali anatsegula chivindikiro. Munalibe kanthu, kotsukidwa bwino.

Mayiwo anatsamiritsa dzanja pa denga la galimoto pokonza nsapato yawo, anapinda chikwama chopanda kanthu n'kuchiika m'khwapa, anagwedezera mutu mlongo wawo, n'kumapita osacheuka. Kumapeto kwa msewu galimoto ya apolisi inali ikukhota.

Khutu, amene sanaphonyepo mwayi wolankhula zopusa, ananong'ona: "Bige, mwaona? Agwira chitsulo ndi dzanja lopanda golovesi, koma shoko sinawamenye."

Jenerali anali akuyang'anabe m'kambale muja.

"Khala chete, Khutu," anatero. "Yamenya ine."