Onga Wopanda Utsi m'Gogodela wa Amjomba

Sekani, mano ndi anu. Koma amene akuti ine Che Bwanali ndimanama asiye ukonde akusokawo, akwere lole ya ku Makanjira, akafunse munthu aliyense wa imvi za tsiku limene nyanja inabwerera m'mbuyo. Walahi, ndikanama lilime langali liume ngati usipa wa pathandala.

Ndipo iwe Yusufu, mwana wa mlongo wanga, khala pompo. Ndamva kuti watumbula zipolopolo za mfuti yamakono, zofiira zija, wakhuthula onga wake wopanda utsi, ndipo mawa ukufuna kuuthira m'gogodela wako kuti ukathane ndi anyani kumunda. Mkazi wako wabwera kwathu akulira kuti ndikuletse, akuti mfuti ikuphulikira m'manja. Ndikuletse ine? Munthu wophunzira chotere, wa foni yaikulu ngati mbale? Ayi, ine ndabwera kudzakulimbikitsa, pakuti onga umenewo ndinauyesa iwe usanamere mano, ndipo ndi wabwino zedi.

Nthawi imeneyo ndinali ndi munda wa chimanga m'munsi mwa phiri, kuseri kwa Malindi, ndiponso gogodela amene anandisiyira amjomba anga, mfuti yothirira onga kukamwa, yaitali kuposa nkhafi. Vuto lake linali utsi. Ndikawomba kamodzi, utsi unkakwera wakuda bii mpaka amayi a kugombe ankathamanga ndi malichero poyesa tizilombo ta ndiwo tija ta nkhungu tatuluka m'nyanja, nkhuku zinkalowa m'khola dzuwa lili paliwombo, asodzi ankayatsa nyali masana, ndipo chaka china, mwezi wa Ramadani, mudzi wonse unamasula kusala poyesa dzuwa lalowa, utsi utatha anthu n'kupezana zipatso za tende zili kukamwa, shehe yemwe akutafuna. Mukumva?

Tsono anyani a kumeneko si anyani wamba, ndi ochenjera kuposa ena mwakhala panonu. Anazindikira kuti utsi ukatuluka, Che Bwanali ali mkati mwake akutsokomola, saona kanthu, ndipo kuti athire onga wina, aike chipolopolo, atsindire ndi chitsulo, munthu ukhoza kupita ku msika kwa Mponda n'kubwerako. Ndiye ankangoyembekeza ndiwombe, kenako n'kutsika ndi ana omwe kumsana, kukolola mosapupuluma, kusenda, kulawa, chosakhwima n'kundisiyira mwaulemu, ndipo mkulu wawo, chinyani cha imvi choduka khutu, tsiku lina chinakhala pambali panga n'kundigwirira nyanga ya onga kuti ndithire bwino. Chinandimvera chisoni! Ine mlenje, kumveredwa chisoni ndi nyani, mtima unandiwawa ngati ndameza mbedza.

Mwamwayi mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi zipolopolo zofiira zomwezo. Ndinazitumbula monga wachitira iwemu, nzeru ndi za kumtundu. Mayi a kunyumba, Abiti Saidi, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo, onga wa mfuti ina mukuthira m'mfuti ina? Amjomba anu anachitapo zimenezi?"

Ndinawauza kuti za mfuti asiyire amuna. Akazi ndi amantha, Yusufu, usawamvere. Adzakuuza kuti onga wakuda umakankha chipolopolo pang'onopang'ono ngati munthu wokankha bwato pamchenga, pamene wopanda utsiwu umamenya kamodzi ndi ukali umene chitsulo chakale cha gogodela sichinapangidwire. Adzakuuza kuti palibe muyeso wabwino, ngakhale wa kunsonga kwa chikhadabo. Nkhani za anthu ofuna kufa ndi ukalamba!

Ine ndinaganiza ngati mwamuna. Fodya wosatsamwitsa ndi wofooka, tsabola wosayetsemulitsa ndi wofooka, ndiye onga wopanda utsi ungakhale bwanji wamphamvu? Ndinathira muyeso wanga wa masiku onse, ndinayang'ana, ndinaona kuti ukuchepa ulemu, ndinaonjezera, ndinatsindira mpaka thukuta, n'kunyamuka ulendo wa kumunda dzuwa litakwera. Anyani anali atakhala pamwala mwa dongosolo lawo, kuyembekeza utsi. Ndinaloza chinyani choduka khutu chija, ndinati bisimilahi, ndinakoka.

Anthu inu, phokoso limenelo silinamveke, linagwa. Mapiri a Namizimu anagwada n'kudzukanso, nyanja inathawa kugombe mpaka mabwato anatsala pamatope achambo akudumphadumpha okha kulowa m'madengu, mtsinje wa Shire pa mlatho wa Mangochi unaima, unaganiza, n'kuyamba kuyenderera chobwerera, ng'ona zinatuluka m'bango zitagwira mitu, ndipo mbuzi za bere za m'mudzi monse zinaswa nthawi imodzi, tonde mmodzinso anaswa chifukwa cha mantha. Mukumva? Mfuti ya amjomba inang'ambika ngati chinangwa chopsa mumphika. Mpope wake unauluka kulowera ku Mozambique, ndipo ndikumva kuti mpaka lero akulimira ngati khasu. Mtengo wake wa paphewa unagwa Lachisanu lotsatira pabwalo la mzikiti, anthu akuvala nsapato.

Koma tamvani ubwino wake tsono: utsi panalibe ngakhale pang'ono. Ndikuti mbee! Ndinaona zonse bwinobwino. Ndinadziona ndikunyamuka, ndinaona munda wanga ukuchepa pansi, ndinapitirira nkhwazi imene inandiyang'ana n'kutaya nsomba yake, ndinafika pamwamba poti ndikayang'ana uku ndikuona Makanjira, uku Monkey Bay, ndipo ndinakhalako nthawi yokwanira kuti ndimve njala, kenako ndinayamba kutsika, malaya atatsalira kumwamba komweko, mpaka ndinagwera mu ukonde wa chilimira wa asodzi a ku Malindi amene anali kukoka pakati pa nyanja. Anandikweza m'bwato pamodzi ndi utaka n'kuyamba kukangana ngati ndine kampango kapena mlamba, ndipo wina anali atanola kale mpeni, mwayi ndinayetsemula n'kupereka salamu. Ndi onga wakuda ukanaona zonsezi? Ukanangoona utsi.

Anyani? Musandifunse mwachipongwe choncho. Palibe nyani anafa, ndivomere, koma anadabwa kwambiri. Chinyani chija chinabwera kuchipatala kudzandizonda, chitanyamula chimanga chiwiri cha m'munda mwanga momwe, chinayang'ana nsalu zimene anandikulunga, chinapukusa mutu n'kutuluka. Munda anaumaliza ndili chigonere, anasiya mapesi okha, ndipo Abiti Saidi sananene kuti ndinakuuzani. Anangondimwetsa phala ndi supuni, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mabala.

Ndiye thira, mwana wa mlongo wanga, thira ndithu, usamvere mkazi wako. Ana ako ndi aang'ono, adzazolowera kukumangira mabatani. Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Lero uuze mkazi wakoyo aphike mpunga wa nyama, uitane anzako onsewa, mukhale pamkeka mudyere mbale imodzi monga timachitira, upise dzanja lako lamanja mpaka pansi, ukande mpunga bwinobwino, unyambite chala chilichonse osasiyako. Udye mosafulumira.

Chifukwa ine, mlenje amene anabweza nyanja, pa sadaka iliyonse amandipakulira pandekha kuseri kwa nyumba ngati wodwala. Dzanja lamanzere sililowa m'mbale ya anthu, mukudziwa nonse. Ndipo lamanjali, dikira ndilitulutse m'thumbamu, usatembenuke, yang'ana, latsala ndi chala chimodzi chokha, chomwe ndikukulozera nachochi.