Galimoto Yofiira Imene Imadikira

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woyang'anira Misewu ndi Thanzi la Anthu m'tauni yathu,

Bwana,

Ndagwada. Mwadzuka bwanji? Nanga kunyumba, nanga ntchito, nanga kutopa, nanga fumbi la chaka chino? Pa funso lililonse ndadziyankha ndekha m'malo mwanu kuti "Naa", monga timavomerera moni kwathu kuno, poti ndikudziwa kuti munthu wamkulu ngati inu nthawi yoyankha moni alibe.

Ine ndine Azaratu, wogulitsa phala la mapira pachipata cha msika waukulu, mkazi wa a Wumbei, atelala osoka malaya athu achikhalidwe otchedwa fugu. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukaona mawu opindika mundikhululukire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amuna anga agona kuchipatala chiuno chili chothyoka, ndipo ndati ndisachedwe kukuthokozani.

Mukumbukira kuti chaka chatha munachotsa kanjira ka njinga ka m'mbali mwa msewu wa kumsika, kaja tinkadutsamo ife ndi madengu athu, n'kukasandutsa poimika magalimoto. Anthu ena osayamika anang'ung'udza. Ine ayi. Galimoto nayo imatopa, imafuna pogona. Komanso simunatisiye manja lende. Munatitsegulira Nyumba ya Thanzi, m'mene munaikamo njinga zokhomera pansi ndi kanema wamkulu pakhoma woonetsa msewu wa m'mapiri a kwa azungu. Tsiku lotsegulira munanena kuti munthu akamapalasa akuona zokongola satopa msanga. Inunso munakwera imodzi, munapalasa mpaka ojambula atamaliza kujambula, ndipo tonse tinaona pa zithunzizo kuti simunatopedi.

A Wumbei anali atauzidwa ndi adokotala kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, azipalasa njinga. Njinga ankapalasa kale, kuyambira ali mnyamata, koma anaona kuti yopalasa pamsewu wamba si mankhwala. Choncho m'mawa uliwonse ankakwera njinga yawo yeniyeni, kupyola pakati pa malole ndi njinga zamoto, kuti akafike kwanuko akapalase njinga yosayenda. Akamaliza, ankakweranso yeniyeni ija kubwerera. Thanzi linachuluka m'nyumba mwathu.

Tsono ndiloleni ndiyale zothokoza zanga.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha njingazo. Zilibe belu, zilibe buleki, zilibe kaliyala. Mba Neindoo, mnzawo wa amuna anga, anafunsa kuti nanga munthu akagula zilazi amanga pati, ndipo mayi woyang'anira nyumbayo anawayankha kuti kumapiriko kulibe zilazi. Mabelu akuti anavala ndi ng'ombe za m'kanemamo. Ubwino wake, chitsegulireni palibe njinga yabedwapo, palibe yaphulika tayala, ndipo palibe yafika kulikonse.

Chachiwiri, msewu wa pakhomawo. Tsiku loyamba a Wumbei anabwera nkhope itagwa. Nditawafunsa anati apalasa mpaka malaya kunyowa osakumana ndi dzenje ngakhale limodzi, moti akuwamvera chisoni anthu a kumeneko, kuti nanga mlendo amamulozera bwanji njira. Kuno mlendo timangomuuza kuti akafika pa dzenje lalikulu la pafupi ndi mzikiti akhotere kumanja. Maenje amenewa mwawasamala bwino, bwana, sanachepe ndi limodzi lomwe. Magetsi akazima, kanema amathima azibambo ali pakati pa chitunda, ndipo amangodikira mumdimamo thukuta lili kamukamu. Palibe amadandaula. Kudikira ndiwo masewera amene ife tinayamba kalekale.

Chachitatu ndi nkhani ya ulemu, ndipo apa ndikupemphani mutithandize. Mu kanemamo, msewu ukakhota pafupi ndi kanyumba ka matabwa, pamakhala mkulu wina wa ndevu zoyera atakhala pabenchi. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu sudutsa wamkulu uli pamwamba pa chishalo ngati thumba la makala. Ndiye azibambo onse akafika pamenepo amasiya kupalasa, amatsika, amawerama, n'kupereka moni wa m'mawa. Mkuluyo sayankha. Amangoyang'ana phiri. Tsiku ndi tsiku chimodzimodzi. Ena anati ndi wogontha, ena anati mwina ali pa maliro, chifukwa ngakhale malaya sasintha. Mba Neindoo anafika pomubweretsera mtedza wa kola, umene timapatsa akuluakulu posonyeza ulemu, n'kuusiya pansi pa khomalo, koma anaudya ndi mlonda. Ngati mumalemberana nawo anthu a kumeneko, mumuuze mkuluyo kuti ife tilibe naye mlandu.

Chachinayi ndiye chandilembetsa kalatayi. Ndi galimoto yofiira ya mu kanemamo.

Inu simunaione, poti munatsika isanafike. Imabwera cha kumbuyo, msewu ukamayandikira mphambano. Injini imamveka. Kenako, bwana, galimotoyo imachepetsa liwiro. Siiliza hutala. Dalaivala satulutsa mutu pawindo kutukwana mayi a munthu. Wapanjinga amatambasula dzanja, galimoto imaima, iye n'kukhota mosatekeseka, dalaivala uja n'kumubayibitsa akumwetulira.

Tsiku loyamba azibambo atangomva injiniyo, onse anadziponya kumbali nthawi imodzi. Mba Neindoo anakagunda khoma ndi phewa. Sanalakwe. Kuno kwathu mwana asanaphunzire kupalasa amayamba waphunzira kugwera m'ngalande. Ukamva injini kumbuyo sufunsa kuti ndani, umapereka msewu kwa eni ake. Koma mayi woyang'anira uja anaseka mpaka misozi. Anati, "Iii, abambo inu, bwererani pachishalo! Galimoto imadikira. Tambasulani dzanja basi, muone." Anabwerera, anatambasula dzanja, ndipo galimoto inaimadi. Mawa lake inaimanso. Mwezi unatha, wina unatha, galimoto yofiira sinaphonyepo ndi tsiku limodzi.

Amuna angawa, bwana, afika pomera imvi alibe chipsera cha pamsewu. Sichinali chithumwa. Anali mantha. Mantha amenewo ndiwo anawasunga mpaka ana athu anakula. Nyumba yanu ya Thanzi inatsitsadi kuthamanga kwa magazi, adokotala anavomereza, koma inawachiritsanso mantha aja. Mankhwala amphamvu zedi.

Linali Lachisanu masana. Ankachokera kwanuko, akuthamangira mapemphero, ndipo anafika pamphambano ya kumsika, pomwe kanjira ka njinga kankathera kale. Ine ndinali pamalo anga, chipande m'manja. Kumbuyo kwawo kunkabwera lole ya makala. Mwatsoka inali yofiira. Ndinawaona amuna anga akutambasula dzanja mwaulemu, msana uli chilili ngati mzungu, osacheuka, n'kukhota. Ndinakuwa. Mawu anga sanafike.

Dalaivala wake musamuimbe mlandu, kanema wanu sanamuonepo. Anatsika akufunsa kuti, "Madala, dzanjalo mumaimitsa nalo ndani? Ndinu apolisi?" A Wumbei ali gone pansi anamuyankha kuti amayembekeza kuti adikira. Anthu amene anasonkhana anayang'anana, n'kunong'onezana kuti mutu nawonso wagunda pansi.

Sindibisa, bwana, tsiku limenelo ndinalira ngati mwana, ndipo mkwiyo umene ndili nawo mpaka lero ungawiritse phala popanda nkhuni. Koma anthu ngati ife sitikwiyira akuluakulu, ndiye ndauika pambali, ndikulemba mofatsa.

Chondiopsa si chiunocho. Adokotala akuti fupa ligwirana. Chondiopsa n'chakuti amuna anga sanachire ku kanema. Dzulo nditawapititsira chakudya anandiuza kuti akangodzuka akweranso njinga, ndipo mnyamata wa lole uja anangosowa maleredwe. Ndinati, "Bambo a Sanatu, kodi mwagwa ndi nzeru zomwe?" Iwo anati, "Azaratu, galimoto zina zimadikira. Ndinaziona ndi maso angawa." Mwamva, bwana? Munthu wathyoka chiuno, koma akukhulupirira khoma kuposa chiuno chake. Ndipo kwanuko Mba Neindoo ndi anzawo akupalasabe m'mawa uliwonse, akutambasula manja, akuphunzira bwinobwino. Ine umasiye sindiufuna. Akazi a azibambo enawo sindinawafunse, koma ndikukhulupirira nawonso saufuna.

Ine ndemwe m'nyumba yanuyo sindinalowemo, za kanemayo ndimangomva kwa amuna anga. Ndimapalasa msewu womwewo tsiku lililonse popita kuchipatala, chakudya chili pakaliyala, ndipo ndikamva injini ndimalowa m'ngalande monga anandiphunzitsira amayi anga. Ndimafika nsalu ili matope, koma ndimafika.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha kuti mutibwezere kanjira kathu. Magalimoto anapazolowera, ndipo si bwino kusamutsa alendo atagona kale. Sindikupemphanso kuti mukwirire maenje, tingasochere. Poti msewu wathu sungafanane ndi kanema, ndikupempha kuti kanema afanane ndi msewu wathu. Mutijambulire wina, wa konkuno. Mukhale malole, mbuzi, njinga zamoto zonyamula mabanja athunthu, fumbi, hutala ndi kutukwana komwe, kuti azibambo athu azipalasa akukumbukira mantha awo.

Ntchito yofunika chotere sitingaipereke kwa munthu wamba. Mujambule ndinu. Akumangirireni kamera pachipumi, munyamuke pa Nyumba ya Thanzi Lachisanu masana, mulunjike kumsika. Galimoto yanu ndi apolisi okutsogolerani aja muwapumitse tsiku limenelo, angaononge chithunzi. Njinga ndikubwerekani ya a Wumbei. Gudumu lakutsogolo tawongola, ndipo belu likulira bwino. Mukafika pamphambano musacheuke. Muwongole msana, mutambasule dzanja, mukhote, monga momwe mumaphunzitsira anthu anu.

Galimoto ikadikira, ine Azaratu ndidzabwera poyera kudzapepesa, ndidzakwera njinga yanu yosayendayo, ndipo mkulu wa pabenchi uja ndidzamupatsa moni ndekha. Ikapanda kudikira, musade nkhawa. Bedi loyandikana ndi la a Wumbei latsala lopanda munthu kuyambira Lachiwiri. Iwo ndi munthu wochezeka, moni amayankha, ndipo adzakufotokozerani za mapiri aja mpaka kumapeto, poti inu munatsikira panjira. Phala ndizibweretsa la anthu awiri.

Mulungu akupatseni moyo wautali ndi chiuno cholimba.

Ine wanu wogonjera, wokulemberani nsalu isanaume matope a m'ngalande,

Azaratu, mkazi wa a Wumbei,
Pachipata cha msika waukulu, moyang'anizana ndi poimika magalimoto.