Njala Yakana Kulowa mu Kamera

Lolemba

Lole ya Che Bakali yaima pa Phalula pano m'mawa, yochokera ku Joni. Che Bakali ndi amene amanyamula katundu wa ana athu okhala kumeneko: mabulangete, njinga, nthawi zina ndi maliro omwe. Ndathamangirako ndi thumba lopanda kanthu kukhwapa, poganiza kuti mwana wanga Asiyatu watumiza ufa.

Ufa palibe. Watumiza uthenga.

Akuti mwamuna wake, mkamwini wanga wometa mpala uja, watopa. Aliyense wakumudzi akaimba foni amangoti njala, njala, ngakhale amene ali ndi mbuzi m'khola. Zapakamwa sakuzifunanso, akufuna aone ndi maso. Tikajambula njala yathu n'kumutumizira, ulendo winawo Che Bakali abwera ndi matumba a ufa. Tikapanda kutero, basi, tidikire chimanga chipse.

Zapakamwa! Ine amene pamaliro amandisungira mpando kuti anthu asagone!

Che Bakali atulutsa makamera awiri a mkamwini kuti ndisankhe. Imodzi yopyapyala ngati sopo wotha, inayo yakuda, yamimba. Ndaziyeza m'manja monga ndimayezera nkhuku pamsika. Ndatenga yolemera. "Imeneyo imadya mabatire anayi, achimwene," akutero. Ndati idye, chodya kwambiri chimagwiranso ntchito kwambiri.

Filimu mulibe. Ukadina batani, chithunzi chikutulukira pompo pa kagalasi kakumbuyo. Che Bakali akupitirira ku Ngokwe kukatula katundu, adzadutsa Lamulungu m'mawa kudzaitenga.

Zojambula:
nkhokwe
munda
mphika
ine ndi akazi anga, Abiti Yusufu

Zinthu zinayi zokha. Njala ili paliponse, siyosakasaka. Mawa ndimaliza.

Lachiwiri

Zithunzi za m'mawa:
chala changa
chala changa chomwecho, chapafupi
phazi
mitambo
theka la galu wa a Gama, aneba anga

Masana dzanja lazolowera. Ndayamba ndi nkhokwe. Kunja ikuoneka yonyada, chifukwa denga lake ndinafolera bwino chaka chatha, ndikanadziwa ndikanalisiya. Ndalowetsa mutu ndi kamera mkati. Chatuluka mdima, bii. Ndadina kabatani kokhala ndi chizindikiro cha mphezi, yang'anima, ndiye mkati monse mwayera mbee ngati mwadzaza ufa woyera mpaka kukamwa. Mkamwini ataona chimenechi angatipemphe ifeyo. Ndafufuta.

Kenako kumunda. Mvula inabwera mochedwa, chimanga chili m'mawondo, ngayaye sizinayambe n'komwe. Chidzadyedwa ikatha miyezi iwiri, ngati odya adzakhalepo. Koma pa kagalasi! Kubiriwira kwake! Kamerayi imawonjezera yokha mtundu, udzu womwe ukuoneka ngati ndiwo. Ndayesa chakum'mawa, ndayesa chakumadzulo, ndayesa nditagwada. Paliponse munda wa munthu wolemera.

"Koma munda wathu ndi wokongola," akutero Abiti Yusufu atasuzumira paphewa panga. Munda womwewu umene m'mawa amautukwana.

Njala ya Januwale ndi yochenjera, imavala zobiriwira. Ya chaka cha fumbi ija, ndili mwana, ikanajambulika bwino, ngakhale wakhungu akanaiona. Koma nthawi imeneyo kamera kunalibe.

Chakudya cha lero: mango osapsa, ophika.

Lachitatu

Ndadina batani lolakwika, zithunzi zayamba kubwerera m'mbuyo. Kodi mkamwini sanafufute zake!

Nyama pa waya. Soseji yozungulira ngati nkhata. Nkhuku yathunthu, yofiira, miyendo m'mwamba. Mkamwini mwini wake ataima pamoto, foloko m'manja, mimba patsogolo.

Ndangoitana a Gama okha kuti aone kamodzi. Kulakwa kwanga n'kumeneko. Dzuwa lisanafike pamutu, pakhonde padzaza, mitu khumi ndi iwiri pa kagalasi kochepa ngati bokosi la machesi. Akumbuyo sakuona, ndiye ndayamba kuwafotokozera. Pakamwa panga sipadziwa kukhala chete. Nkhuku ija ndaipatsa mbiri: kumene inabadwira, zimene inkadya, mmene inathawira tsiku lophedwa mpaka kulowa m'sitima.

"Bwezeraniko ya soseji ija."

"Zonsezo n'za munthu mmodzi?"

"Ikulitseni, tione mafutawo."

A Gama ndi Akatolika, maso awo amathamangira nkhumba. Akuti nyama ina yotuwa ija ndi nkhumba ndithu, akuidziwa. Ndati iyayi, mkamwini wanga ndi Msilamu ngati ine, amaswali kasanu pa tsiku, imeneyo ndi ng'ombe ya ku Joni, kumeneko n'kozizira, ng'ombe zimatuwa. Taikulitsa, taichepetsa, taikulitsanso. Sitinagwirizane.

Mayi wina wapita kwawo n'kubwera ndi mbale ya gaga kuti azidya akuyang'ana. Akuti ikutsetsereka bwino pakhosi.

Chakumadzulo kanyali kofiira kayamba kuphethira. Kenako diso la kamera labwerera mkati ngati mutu wa kamba. Zii.

Zithunzi za njala lero: palibe. Koma anthu apita akuseka, zimene zasowa mudzi uno chiyambire Khirisimasi.

Lachinayi

Kusaka mabatire.

Awiri ndachotsa mu wailesi yanga. Awiri m'katochi ka a Gama, amene akuti ndi chifukwa cha chibale, koma ndiwaonetsenso nkhumba ija kamodzi. Onse anayi ndi okalamba ngati eni ake. Tawayanika pa lata. Tawagubuduza m'manja. A Gama awaluma mmodzimmodzi, chifukwa ine mano olumira anatha. Taika. Diso latuluka!

Ndaganiza zopita kumene njala imasonkhana, kudepoti ya chimanga. Kumeneko anthu akhala pamzere chiyambire dzana, chimanga sichikubwera. Amayi atakhala pansi, milomo yotuwa. Mkulu wina atagona pansi pa mtengo, chipewa kumaso, ngati wotsanzika kale. Ndati apa ndiye pali ufa wanga.

Ndakweza kamera.

"Dikirani, ndimange duku!"

Mzere wonse wadzuka. Wina akupukuta nkhope ndi malovu, wina akubisa thumba kumbuyo, wina akubwereka nsapato za mnzake. Mkulu wa pansi pa mtengo uja waimirira, wamanga batani la pakhosi, wakagwira chiwongolero cha njinga ya eni, mwendo umodzi pa pedulo. Ndati anthu inu, khalani mmene munaliri, ndikufuna njala. "Njala n'njathu, koma chithunzi chikupita kunja," akutero mayi wina.

Chatuluka ngati chinkhoswe. Aliyense mano panja.

Koma Mulungu sataya wake. Pofika kunyumba ndapeza Abiti Yusufu atawerama pamoto kuseri, chitenje chong'ambika chija, akuvundula mango mumphika, mikono ngati mabango. Sanandione. Ndadina, ndazimitsa msanga.

Ichi ndiye chithunzi. Ngakhale wometa mpala alira. Ndachiyang'ana kamodzi kokha, chifukwa cha mabatire, komanso chifukwa china chimene sindikuchidziwa dzina.

Lachisanu

Ijuma. Ndapita kumzikiti, kamera ndaisiya pansi pa mphasa.

Pobwera ndapeza Abiti Yusufu atakhala pakhonde, kamera pamiyendo, nkhope ya munthu amene wamaliza ntchito yake bwino. Dzana lija ife tikukangana za nkhumba, iwo amayang'ana zala zanga. Batani lofufutira alidziwa.

Cha mango chapita. Cha chala changa achisiya.

"Mwana wanga ali ndi pakati," akutero. "Mukufuna akaone mayi ake ngati chowopsezera mbalame kumunda?"

Ndati mwanayo akufuna chiyani, mayi wokongola kapena mayi wamoyo? Ndawauza za ufa, matumba ake, fungo lake ukamasula. Ndalankhula bwino ndithu, pamaliro akanandiombera m'manja. Iwo angoti zaka makumi anayi sanajambulidwepo opanda duku, sayamba lero chifukwa cha mkamwini.

Kale kunali kwabwino. Wojambula amabwera pa njinga, amakuimika pa mpanda wa maluwa, amadina kamodzi n'kupita. Umadikira mwezi. Chikabwera mutu utadulidwa, umachipachikabe pakhoma, kulibe kufunsa. Iyi ya masiku ano ilibe chinsinsi, imakuonetsa pompo, ndiye munthu aliyense wasanduka woweruza mlandu wa nkhope yake.

Tapangana chonchi: mawa tijambulitsa awiri. Iwo avale zimene akufuna. Ine ndivula malaya. Nthiti zanga zilankhula m'malo mwa banja lonse.

Loweruka

Che Bakali anandionetsa kabatani kena, ukadina kamera imawerenga yokha mpaka khumi kenako n'kujambula. Ndaiika pa mtondo. Mtondowo ndauvundikira, ulibe ntchito ina masiku ano.

Abiti Yusufu atuluka: chitenje cha Idi, duku yatsopano yobwereka kwa akazi a Gama, nkhope yonyezimira. Mkati avala zitenje zina ziwiri, ndaziona, m'chiuno mwabwerera mwakale. Ine kabudula yekha.

Kuchokera pamtondo kufika pabenchi ndi mapazi asanu ndi atatu. Kamera imawerenga mofulumira kuposa mawondo anga.

Choyamba: Abiti Yusufu okha, ine kulibe.
Chachiwiri: Abiti Yusufu ndi msana wanga.
Chachitatu: ine ndili pansi, ndapunthwa pa munsi, iwo akuseka atagwira pamimba.

Kanyali kofiira kayamba kuphethira. Chachinayi ndayamba kuthamanga ndisanamalize kudina. Ndafika, ndakhala, ndapuma. Yajambula.

Ndapita kukaona.

Pafupi ndi mayi wokongola uja pakhala nkhalamba ina. Khosi ngati la nkhuku yosololedwa nthenga. Pachifuwa pali maenje awiri oti n'kutungiramo madzi. Maso akuluakulu. Kunyumba kuno galasi linasweka kalekale, ndipo palibe anandiuzapo. Ndaikulitsa. Ndi ine ndithu, chipsera cha nkhwangwa chili paphewa.

Chithunzi chabwino kwambiri. Matumba asanu, mwina asanu ndi limodzi.

Ndaganiza za Asiyatu atachigwira m'manja m'kachipinda kake ku Joni. Mwana amene ndinkamunyamula paphewa lomwelo kuwoloka Rivirivi madzi atadzaza. Ndaganizanso za wometa mpala akuchionetsa anzake pamoto wa nyama uja, akuti onani apongozi anga.

Chala changa chadina chokha. Kamera yafunsa mwa Chizungu chake ngati ndatsimikiza. Ndadinanso.

Abiti Yusufu adzuka pabenchi. Alowa m'nyumba, atuluka ndi mkanjo wanga woyera, kofia, ndi jekete ya a Gama, ndiye kuti anali atabwereka kale m'mawa. Andikulunga chitenje pamimba mkati mwa mkanjo. Andipaka mafuta m'masaya. Benchi lija alisendeza pafupi ndi mtondo kuti ndisathamange kutali.

Yajambula kamodzi. Tisanaone n'komwe, diso labwerera mkati. Tawaluma mabatire, tawayanika, tawapempherera. Ayi ndithu.

Lamulungu

Lole yafika dzuwa litangotuluka. Che Bakali aika mabatire awo atsopano, ayang'ana pa kagalasi, aimba mluzu.

"Koma achimwene, mwanenepa!"

Ndaona nane. Shehe ndi akazi ake. Masaya akuwala, mimba yaulemu, kumbuyo munda wobiriwira mpaka kumapiri. Abiti Yusufu akumwetulira ngati tsiku la ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu.

Zimene zikupita ku Joni:
chala changa, kawiri
theka la galu
chinkhoswe cha kudepoti
msana wanga
anthu awiri olemera a pa Phalula

Ndayesa kuwauza Che Bakali kuti akafotokoze pakamwa. Ndayamba ndi mango, ndafika pa gaga, ndimati ndilowe za nkhokwe, iwo aliza injini. "Ndikanena, koma mukumudziwa mkamwini wanu, amakhulupirira chithunzi." Lole yapita.

Jekete ndabweza. Duku abweza. Wailesi siyikulankhula, katochi ka a Gama sikakuyaka, ndipo a Gama akuti nkhumba ija sindinawaonetsenso.

Masana tadya mango. Abiti Yusufu andipatsa lalikulu, ndawabwezera, andipatsanso. Afunsa ngati ku Joni amatha kutsuka chithunzi chikhale chachikulu, choika m'felemu. Ndati amatha, kumeneko amatha zonse. Akuti ndiye mwanayo akadzabadwa adzadziwa kuti agogo ake ndi anthu.

Ndapita kumunda. Chimanga chakwera pang'ono, chadutsa mawondo. Ufa subwera, ndikudziwa. Koma pabalaza pa mkamwini ndikakhala pakhoma, nditakhuta.