Tsiku Limene Ndinavina ndi Mwana wa Eni

Nkhani iyi ndinaisunga pamtima zaka zoposa makumi awiri, chifukwa nthawi imene inachitika, kuinena kukanandipezetsa malo ogona aulere a boma. Lero ndikutha kuiseka. Tsikulo mano anga sanaoneke ngakhale pang'ono.

Ndinali mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Mulanje, boma litanditumiza ku Bolero. Chitumbuka changa chinkayambira pa "yewo" n'kuthera pa "chomene". Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, pabwalo la mpira pankachitika chikondwerero cha magule: malipenga, visekese, vimbuza. A ku boma la Rumphi ankabwera pamalole, ndipo azungu opita kukapuma ku Nyika ankaima ndi makamera awo. Koma gule asanayambe, ankatsegulira bwalo ndi amayi a chipani. Masiku amenewo mkazi aliyense wolandira malipiro a boma anali mayi wa chipani, afune asafune. Yunifolomu yathu inali nsalu ija yokhala ndi nkhope ya mkulu wa dziko.

Lachisanu masana ndinathira makala m'simbi kuti ndisite nsaluyo. Ndinaipinda pawiri kuti ntchito ifulumire (ulesi ndinali nawo kuyambira kale, ndisanamizire ukalamba). Ndili mkati mosita, mtengamakalata wa pasukulu anandipatsa kalata yochokera kwa a Lekisoni, bwenzi langa, omwe anali kalaliki ku Chelinda, pamwamba pa phiri la Nyika. Tinali titatomerana, koma panali patatha miyezi isanu ndi iwiri tisanaonane, chifukwa msewu wa kuphiriko mvula ikagwa unkasanduka phala. Analemba kuti atsika Loweruka ndi lole ya kuntchito kwawo kudzaonera magule.

Kalatayo ndinaiwerenga katatu. Kachitatuko ndinamva fungo.

Nditanyamula simbi, mphuno ya mkulu wa dziko kunalibe. Panali bowo lakuda m'mbali, loti n'kulowetsa zala zitatu. Ndipo popeza ndinapinda pawiri, nkhope zonse ziwiri za pansaluyo zinapsa mofanana, ngati ndinachita kuyeza ndi rula.

Achinyamata a lero anganene kuti bwanji osangogula ina. Nsalu zimenezi sizinkapezeka mwachisawawa, ndipo kukafunsa ina n'kuitana funso lakuti yoyambayo yapita kuti. Tinkamva za anthu omwe anatengedwa chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala ya chithunzi chomwecho. Nanga ine wootcha mphuno?

Ndinatseka chitseko n'kuyamba nzeru. Ndinasokerera kachigamba kabulauni kumbuyo kwa bowo lililonse. Kanaonekera. Ndiye ndinatenga inki yolembera ndi kujambulapo mphuno ina. (Ndinkaphunzitsa masamu, osati zojambula.) Inki inayenderera mpaka pamlomo, moti mkulu uja anaoneka ngati wamenyedwa chibakera ku mowa. Tsopano mlandu sunalinso wa ngozi. Unali wochita dala.

Kudwala sikukanatheka, wodwala tsiku la gule ankamuyendera anyamata a chipani a malaya ofiira kudzaona matendawo ndi maso. Choncho m'mawa mwake ndinavala nsaluyo mochenjera. Nkhope imodzi inabisika mkati mwa mpindo. Inayo inagwera kumbuyo, cha m'munsi mwa chiuno, ndipo ndinaiphimba ndi juzi yomwe ndinamanga m'chiunomo. Kunja kunkazizira ndithu, ndiye palibe akanadabwa.

Tinafola mizere kuseri kwa makalasi. Kenaka anatulukira mayi tcheyamani ochokera ku boma, thupi lodzaza, mawu ngati belu la sukulu.

"Majuzi onse pansi! Mwabwera kudzavina kapena kudzawotha moto?"

Anzanga anavula. Ine ndinamasula manja a juzi pang'onopang'ono, ndikupemphera pemphero lililonse lomwe ndinkalidziwa, mpaka la chakudya. Juzi itangogwa, ndinamva kumbuyo kwanga munthu akukoka mpweya.

Anali NyaMhango, mkazi wa mkulu wa mpingo, yemwe ankakhala kuseri kwa nyumba yanga. Tinkangopatsana moni basi. Kunena zoona ndinkawaopa, chifukwa sankaseka wamba. Kumbuyo anali atabereka mwana wawo wa miyezi inayi.

"Asambizgi," ananong'ona, kutanthauza aphunzitsi, "musatembenuke yayi. Weramani."

Ndinawerama. Ndinamva kanthu kofunda kakutera pamsana panga. Asanafike mayi tcheyamani pamzere wathu, NyaMhango anali atandimangirira mwanayo ndi chitenje chawo chakale, mbali imodzi ataisiya ikulendewera mpaka m'mawondo.

"Ngati walira, dumphani chomene. Amakonda."

Tinalowa m'bwalo. Abale anga, sindinavinepo ngati tsiku limenelo. Mwana akati ayambe kulira, ine ndinkadumpha. Mfundo ya pachifuwa ikati imasuke, ndinkaigwira ndi dzanja limodzi, linalo likuloza kumwamba monga nyimbo inkafunira. Pa nyimbo yachitatu ndinamva madzi ofunda akutsika pamsana. Ndinangoti zikomo, bola si unyolo.

Vuto linali lakuti ndinavina mopitirira. Mayi tcheyamani, omwe sankandidziwa, analanda chimkuzamawu.

"Taonani chitsanzo! Akuti awa ndi aphunzitsi a pano. Ali ndi khanda kumbuyo, koma sananene kuti ndine mchembere, ndikhale kunyumba. Awombereni m'manja!"

Bwalo lonse linawomba. Ana a m'kalasi mwanga anakuwa kuposa onse. A hedimasitala anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso. Ndipo pafupi ndi lole yobiriwira, ataima ngati mtengo wouma, botolo la uchi lomwe ananditengera lili m'manja, panali a Lekisoni.

Titatuluka m'bwalo anandipeza. NyaMhango anali atatengedwa kukakonza chakudya cha alendo, ndipo anyamata awiri a malaya ofiira anali chapafupi, akudya nzimbe.

"Mwaswera bwanji?" anatero a Lekisoni, maso ali pa mwana.

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

"Ali ndi miyezi ingati?"

"Inayi."

Ndinawaona milomo ikuwerengera.

"M'makalata simunanenepo."

"Tikakambirana kunyumba," ndinatero, ndikuwatsinzinira diso kuloza anyamata aja. Iwo anaganiza kuti ndikuwalozera bambo wa mwanayo. Anayang'ana wamtaliyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ulendo wa kunyumba unali waufupi, koma tinauyenda ngati tikuperekeza maliro. Titalowa, mwana anayamba kulira kwenikweni, kulira kwa njala, komwe kudumpha sikuthandiza. A Lekisoni anatembenukira kukhoma mwaulemu kuti ndiyamwitse. Ine ndinangoima. Mwamwayi chitseko chinatseguka, NyaMhango analowa, anamasula mwana wawo, n'kukhala pampando kuyamba kuyamwitsa, osafunsa kuti bambo awa ndani.

A Lekisoni anapuma mpweya wautali. Anayamba kuseka, misozi ili m'maso. Pamenepo ndinatembenuka kuti aone chomwe mwanayo ankabisa. Inki ija inali itasakanikirana ndi mkodzo.

Kuseka kunatha. Anathamangira kukatseka zenera.

"Mayi," anandiuza motsitsa mawu, "bola akanangokhala mwana wanu."

Apo m'pamene ndinamva koyamba NyaMhango akuseka, mpaka mwana anasiya bere kuwayang'ana. Atatha anati ndivule nsaluyo. "Mwana wanga ndiye waiwononga, ndikachapa ndine." Anaikulunga m'chitenje chonyowa chija n'kutuluka nayo. Sindinaionenso. Patapita sabata ndinapeza ina, yakale koma yamphuno zonse, itapindidwa pansi pa chitseko changa. Sanatchulepo za nkhaniyi mpaka pamene ndinasamuka ku Bolero.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma pa anthu a palole ya ku boma panali mayi wina wa kwathu ku Mulanje. Patatha milungu itatu, ndikuchokera ku sukulu, ndinapeza amayi anga atakhala pakhonde, fumbi mpaka m'nsidze, atayenda masiku atatu pa mabasi ndi malole. Pambali pawo panali dengu.

"Ali kuti?" anatero, moni osapereka. "Mpaka ndimvere kwa anthu a pamsika?"

Ndinawalowetsa m'nyumba n'kuwafotokozera zonse monong'ona. Ndinkayembekeza kuti agwada n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wawo sanachite manyazi ndiponso sali m'ndende. Koma iwo anangovundukula dengu lija. Munali timalaya tiwiri toluka ndi kachipewa kaubweya.

"Ndiye kuti mdzukulu palibe?"

"Palibe, amayi."

"Ndalukira chiyani ine m'basi monsemu?"

Timalayato anavala mwana wa NyaMhango, ndipo tinamukwana bwino. Amayi anakhala nane mwezi wathunthu, tsiku lililonse akufunsa kuti a Lekisoni adzatsika liti kuphiriko kuti nkhani ya ukwati ithe.

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzirapo, ndinganene kuti munthu ukakhala ndi chobisa, uzivina pakatikati, osati kuposa anzako. Koma ndisakunamizeni. Mwezi wathawu pa ukwati wa mdzukulu wanga weniweni, anachita kundigwira mkono kundichotsa m'bwalo.