Mapadi Amene Anandigulula Mano

Anthu akandifunsa kumene mano anga akutsogolo anapita, ndimangoti ndinagwa pa njinga. Ndi bodza, koma bodza lopumitsa, chifukwa wogwa pa njinga anthu amamumvera chisoni. Zoona zake n'zakuti manowo ndinachita kukawayitanira tsoka ndekha, masanasana, anthu akuonerera. Ndipo mano ndi zazing'ono pa zimene ndinataya chaka chimenecho.

Inali nthawi ya Chitaganya, m'zaka za m'ma 1950. Ine kwathu ndi ku Nsaru, koma ndinali pa chikamwini ku Kabudula, kwawo kwa mkazi wanga Nachisale. Amene anakhalapo pa chikamwini akudziwa. Umalima munda wa eni, umafolera nkhokwe za eni, ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku. Mtima wanga wonse unali pa chitengwa, kuti tsiku lina andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana n'kupita nawo kwathu. Wololeza kapena kukana anali mmodzi yekha: alamu anga a Fulaide, mchimwene wake wa Nachisale, amene anatsala mwini mbumba amalume awo atamwalira.

A Fulaide anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anzawo ankabwerako ndi njinga, magalamafoni ndi majekete. Iwo anabwerako ndi mphuno yophwatalala, magolovesi akale, ndi mbiri yoti kumeneko ankamenya nkhonya za mpikisano. Mbiriyo itafika ku Nsaru, munthu wina amene kale anali msilikali anatumiza mawu oti akaonane pabwalo, tsiku lotseka msika wa fodya. Alamu anavomera asanamalize n'komwe kumva uthengawo.

M'mawa wina anandipeza ndikusoka fodya m'chigafa.

"Alamu, manja anuwa ndi olimba?"

"Olimba zedi, alamu." (Akanandifunsa ngati ndimatha kuuluka, ndikanati ndimauluka.)

"Ndiye muzindigwirira mapadi."

Anandifotokozera kuti mapadi ndi timapilo tiwiri tolimba timene munthu amavala m'manja n'kumatukula, kuti womenya nkhonya aziphunzirirapo kulasa. Kenako anatsitsa mawu. "Mukandithandiza n'kukamugwetsa msilikali uja, nkhani yanu ya chitengwa tidzaikhalira pansi. Pitani kwa telala ku Nambuma akakusokereni. Saizi mukaona nokha, poti manja ndi anu."

Mawu akuti "mukaona nokha" ndi amene anandipha.

Njira yonse ya ku Nambuma ndinkangoganiza za chibakera cha a Fulaide. Ndinali nditawaonapo akumenya thumba la mchenga limene anapachika mumtengo wa mango, masamba n'kumayoyoka ngati kwabwera kamvulumvulu. Mtunda uliwonse umene ndinkapalasa, chibakeracho chinkakula m'mutu mwanga. Pofika pa khonde la sitolo pamene Che Saidi ankasokera, chinali chitafika pa dzungu.

Che Saidi anali ndi chidutswa cha tenti yakale ndi thonje lotsala pa matiresi. Anamvetsera bwinobwino, phazi lili pa makina, kenako anafunsa kuti, "Nanga kukula kwake?"

Ndinayang'anayang'ana. Pafupi panali mayi wina akupeta mtedza. Ndinaloza lichero lake.

"Achimwene," anatero Che Saidi, "mukufuna kutchinga nkhonya kapena mvula?"

"Sokani basi, Che Saidi. Inu munthuyo simunamuone. Ndipo thonje musaumire."

Sanaumiredi. Pobwerera, anthu m'njira ankandifunsa ngati ndikusamuka.

Alamu anazungulira zinthuzo. Anakankha chimodzi ndi phazi. "Ndinakutumani mapadi, mwandibweretsera zitseko." Koma poti masiku anali akutha, anati tiyesebe. Tinaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chigafa cha apongozi anga. Ndinalowetsa manja, n'kutukula. Nthawi yomweyo dziko linazima. Alamu osaoneka, mtengo wa mango osaoneka, kutsogolo kwanga tenti yokhayokha.

"Kumanja!" anakuwa.

Kumanja kwa yani, kwanga kapena kwawo? Ndisanaganize, chibakera chinatera m'mphepete mwa padi, padilo linapindika n'kundiwomba khofi khutu. China chinatera kwinaku, khutu linalo nalonso linalandira. Mapewa anayamba kuyaka chifukwa cha kulemera. Ndikatsitsa pang'ono kuti ndisuzumire, ndinkangoona nkhope ya alamu ikubwera, n'kutukulanso msanga. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, kenako mwaliwiro, mpaka msana wanga unakumana ndi mzati wa chigafa. Mzati unavomera. Mikangala ya fodya inatsika yonse pamodzi, ine pansi pake.

Nditatulutsa mutu m'masamba a fodya, ndinaona mapazi. Anali a apongozi anga. (Kuyambira tsiku limene ndinakwatira, ndinali ndisanawayandikirepo. Tikakumana pa njira ndinkalowa m'tchire mwaulemu, minga ikundibaya.) Lero ndinali chigonere pa mapazi awo, manja ali m'zitseko. Iwo anafunda chitenje kumaso, n'kuyang'ana kumbali.

"Nachisale! Dzatole amuna ako."

Madzulo ake, nditamaliza kudzutsa chigafa, alamu anandiitana. "Padi lizikhala laling'ono, lizindiphunzitsa kulasa. Izi ngakhale munthu atatsinzina sangaphonye. Kodi chibwano cha msilikali chikula chonchi? Bwererani."

Nachisale anayesa kundithandiza, akundipaka mafuta a nsatsi m'makutu. "Bambo ake, bwanji osawapempha achimwene akujambulireni pansi kukula kwake, inu n'kuyeza ndi luzi?"

"Ndikafunse? Kuti anene kuti mkamwini sadziwa kanthu?"

"Nanga panopa akunena kuti chiyani?"

Ulendo woyamba ndinapita ku Nambuma ndi mantha, wachiwiriwu ndinapita ndi mkwiyo. Ndinaponya zitseko zija pa khonde.

"Dulani."

Che Saidi anazunguliza choko. Ndinati achepetse. Anazungulizanso. Ndinati achepetsenso, ndipo thonje achotseko, lachuluka.

"Apa ndiye zala zanu zitsala panja, achimwene."

"Akufuna ang'ono, eti? Awaone ang'onowo."

Anapukusa mutu, n'kudula. Zimene ndinabwera nazo zinali ngati zitumbuwa ziwiri zomangirira zingwe. Panalibenso chomanga pa njinga. Ndinangoziponya m'thumba la kabudula.

Tsiku limenelo anthu anabwera ambiri, poti nkhani ya chigafa inali itamveka. Alamu anakulunga manja ndi sanza, chifukwa magolovesi ankasungira tsiku lalikulu. Anayang'ana zitumbuwa zanga, anayang'ana ine, n'kuti, "Mwatsimikiza?" Ndinagwedeza mutu ngati munthu wodziwa.

Chibakera choyamba chinatera pakatikati. Ululu unayambira m'chikhatho, kudutsa pa chigongono, kukathera m'mano. Chachiwiri zala zinachita dzanzi. Chachitatu misozi inalengeza. Koma alamu anakuwa kuti, "Eyaa! Izi ndiye nkhonya!" Amayi ena anaimba nthungululu. Abale anga, chiyambire chikamwini changa, palibe anali atanenapo kuti "eyaa" pa chinthu chimene ine ndachita. Ndinaona Nachisale ataima pa mtondo, mwana ali kumbuyo, ndipo m'maso mwanga ndinaona kale ngolo itanyamula katundu wathu pa msewu wa ku Nsaru. Ndinamwetulira. Osati kumwetulira kwaulemu ayi, koma kuja kotulutsa mano onse panja.

"Kumanja!"

Dzanja langa, limene linali litatopa ndi kupweteka, linadzithawira lokha pang'ono. Padi labwino likanagwirabe. Chitumbuwa changa chinangokhudzidwa m'mphepete, chibakera n'kupitirira ulendo.

Nditatsitsimuka ndinali kuyang'ana nthambi za mango, m'kamwa muli mchere. Lilime linafufuza kutsogolo n'kupeza khomo. Dzino limodzi analitola m'fumbi. Linalo tinalifuna mpaka kutopa, kufikira alamu atamasula sanza kudzanja lawo lamanja. Linali pamenepo, litazika pa mfundo ya chala.

Ine pakamwa panatupa, koma dzanja la alamu linatupa kuposa. Anathowa ndi madzi otentha, anamanga masamba, osaphwa. Pofika tsiku lotseka msika, golovesi inakana kulowa. Anachita kuing'amba m'mbali. Anthu anawauza kuti aleke. Iwo anati mwamuna wa ku Joni sabweza mawu.

Ku Nsaru, kumene kunali mpikisanowo, abale anga onse analipo. Ndinali nditawatumizira kale mawu oti ayambe kudula mitengo ya nyumba, mlamu wawo Nachisale akubwera. Anaona ndi maso awo a Fulaide akumenya ndi dzanja limodzi, linalo atalikumbatira pachifuwa ngati khanda. Msilikali sanachedwe nawo. Atawadzutsa n'kuwathira madzi, mkulu wina anafunsa kuti, "Kodi dzanjali mwatani?"

Alamu anandiloza ndi chibwano. "Anandiluma mkamwini."

Mawu amenewo anafika ku Kabudula ife tisanafike.

Nkhani ya chitengwa anaikhaliradi pansi, ngakhale msilikali uja sanagwe. Ankhoswe anga anayankhula bwino kwambiri. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi, kenako anati, "Munthu woluma mwini mbumba anthu akuona, nanga mlongo wanga kutali uko adzamutani?"

Ndinadzuka kuti ndidziteteze. Ndinafuna kunena kuti, "Sindinalume, chibakera ndicho chinandipeza." Koma pakamwa popanda mano akutsogolo mawu satuluka okha, amatuluka ndi likhweru. Nditangoti "si", galu wa apongozi anadzuka n'kubwera akugwedeza mchira. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ankhoswe anga omwe. Mlandu unathera pomwepo. Mitengo ija ku Nsaru inadyedwa ndi chiswe, ndipo ine ndikulemba zino ndili ku Kabudula konkuno, imvi zili mbuu, ndikulimabe munda wa eni.

Mwina mukuti ndinaleka. Ayi. Dzinja litatha ndinapalasanso ulendo wa ku Nambuma, ndi maganizo oti ndikakonza mapadi, mtima wa alamu ukonzekanso. Ulendo umenewu sindinaloze lichero, sindinalamule chilichonse. Ndinangoyala dzanja langa pansalu. Che Saidi analizunguliza choko, n'kusiyako malo pang'ono mbali zonse, thonje n'kuika losachuluka, losachepa. Nditavala anandikhala ngati ndinabadwa nawo: opepuka, zala zonse zobisika, ndipo pakati pa awiriwo ndinkatha kuona munthu. Ndinatsala pang'ono kulira pa khonde la eni.

Ndinafika kumudzi ndikuimba likhweru (lokhalo ndiye ndinkatha bwino). Ndinapeza nyumba ya alamu yotseka. Anali atanyamuka m'mawa womwewo kubwerera ku Joni, osatsanzika. Atabwerako patapita zaka, anali mkulu wa mpingo, wosafuna kumva n'komwe za nkhonya. Mapadi abwino aja palibe anawamenyapo ngakhale kamodzi.

Phunziro ndiye musandifunse. Ndinadziwa kuyeza dzanja nthawi imene kunalibenso chibakera choti nditchinge, ndipo sindikudziwa kuti nzeru zotere munthu amapita nazo kuti. Tsiku lina ndinaona Nachisale akuchokera ku chitsime, mtsuko uli pamutu, pansi pa mtsukowo pakusuzumira nsalu ya tenti. Anatula, n'kuchotsa padi langa pamutu, n'kulikung'untha.

"Koma apa ndiye munayeza bwino, bambo ake," anatero. "Nkhata yokwana chonchi sindinaionepo."

Ndinathokoza. Nanga n'kutani?