Mawu Amodzi Amene Ndinakana Kunena Pamsonkhano wa Yunivesite

Sindine munthu woulula zolakwa zake. Nzochepa, ndipo zambiri zinathera m'nyumba mwanga. Koma cholakwa ichi chinagwera alimi a kalabu yonse, ndipo nkhani yake yafika kale pamsika wa Mkanda itamera nyanga. Bola muimve kwa mwini wake.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6 (ya nthawi imeneyo, osati ya masiku ano). Koma misonkhano ndimaidziwa. Ndakhalapo wapampando wa komiti ya sukulu ya pulayimale, wa komiti ya mjigo, ndipo tsopano wa kalabu ya alimi a mtedza. Lamulo langa ndi limodzi: wamkulu sayamba kuyankhula. Amasiya ana alongolole, atsutsane, atope. Kenako amatsokomola, n'kumanga mfundo. Zoti "ndapereka ganizo", "ndasekonda", ndimasiyira anthu apabenchi. Chiyambireni sindinasekondepo munthu. Ndinkanyadira zimenezo.

Yunivesite ina ya ku Lilongwe inali ndi munda wachitsanzo kwathu, kuseri kwa tchalitchi. Unali wa nthambi yawo ya zaulimi. Chaka ndi chaka ophunzira ankabwera kudzadzala mitundu ya mtedza yopirira ku kadukutu, matenda aja opinimbiritsa mtedza mpaka mlimi n'kukolola masamba okhaokha. Akatha zoyezayeza zawo, mbewu yotsala ankasiyira kalabu. Tinkagawana. Minda yathu inasintha. Amayi amasiye awiri a m'kalabumo anafolera nyumba zawo ndi malata chifukwa cha mtedza umenewo.

Woyang'anira mundawo anali mphunzitsi wa payunivesitepo, a Dokotala Mbewe. Mayi wochepa thupi, woyenda mothamanga, wa msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Ndiwo anabwera kudzatiuza kuti zinthu zavuta. Akuluakulu ena a nthambiyo ankafuna kusamutsira mundawo kwa Zulu, kufupi ndi msewu wa tala, chifukwa galimoto yawo inkatitimira m'matope akwathu dzinja lililonse. Nkhaniyo inali yoti igamulidwe ndi bodi ya nthambiyo, pamsonkhano wochitikira pa boma pa Mchinji. Malamulo awo ankalola mlimi mmodzi kukhala m'bodimo pa nkhani za minda, ndi mphamvu zofanana ndi za membala aliyense.

Kalabu sinavote n'komwe. Onse anangocheukira kwa ine. Ndinagwedeza mutu. Akanapita ndani?

Kutatsala masabata awiri, envelopu inafika, yonenepa ngati Baibulo la paguwa. Munali ajenda, maminitsi a msonkhano wapita, ndi pepala limodzi lolemba pamanja m'Chichewa. Analemba ndi a Dokotala. Mutu wake unali wakuti "Mmene bodi imayendetsera nkhani". Ndinawerenga mutuwo, n'kulibweza. Kundiphunzitsa msonkhano ine?

"Simuwerenga kodi, atcheya?" anafunsa akazi anga, Nabanda. (Amanditchula choncho akafuna kundiputa.)

"Msonkhano ndi msonkhano."

"Ndi wa anthu ophunziratu uwu."

"Ophunzira amadyanso mtedza."

Envelopuyo ndinaiika kunsi kwa matiresi, pamwamba pa tayi yanga, kuti tayiyo iwongoke.

Tsikulo ndinapalasa njinga mpaka pa Mkanda, n'kukwera minibasi. Muholo ndinafika woyamba. Munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi ali ndandanda. Kumutu kwa tebulolo kunali mpando woyedzamiritsa mikono. Ndinakhalapo. Sindinaganize n'komwe, thupi linangopita lokha.

Posakhalitsa analowa mlembi wa bodi, bambo wa dazi, a Tembo. Anaima pambali panga, akupikisa manja.

"Pepani achikulire, mpando uwu ndi wa a Dini."

Dini ndiye mkulu wa nthambi yonse. Malo anga a Tembo anandilozera kumapeto, pafupi ndi chitseko, moyandikana ndi tebulo la makapu a tiyi. Ndinanyamuka mosafulumira. Mumtima ndinati: chabwino, mundimva pomaliza.

A Dokotala Mbewe anabwera n'kugwada pambali pa mpando wanga.

"Bambo, kapepala kanga kaja munawerenga?"

"Ndinakaona." (Silinali bodza.)

"Chabwino. Tikafika pa nambala seveni, ine ndipereka ganizo loti munda ukhale kwanu komweko. Ndiye inuyo mukangoti..."

"Mwana wanga, ndinayamba misonkhano iwe usanamere mano. Yankhula zako. Zanga ndikuzidziwa."

Anatsegula pakamwa kuti anenenso, koma a Dini analowa, ndipo aliyense anathamangira pamalo pake.

Ndinaona zinthu tsiku limenelo. Anthu a madigiri anatha pafupifupi ola akukangana za amene ayenera kusaina fomu mphunzitsi akamapita kutchuthi, kaya mkulu wa dipatimenti, kaya wachiwiri kwa a Dini, kaya onse awiri. Kenako anakangana za kiyi wa chipinda chosindikizira mayeso. Mapeto ake anasankha komiti yoti ikaunike nkhani ya kiyiyo. (Kwathu kiyi amasunga amene thumba lake silinabooke.) Ine ndinali phee, manja pandodo. Ndinkawamvera chisoni. Ndinkati anthu awa akusowa wamkulu.

Titafika pa nambala seveni, a Dini anati: "Popeza tili ndi bambo athu pano, nkhani iyi tiikambe m'Chichewa." Choncho sindinganamizire Chingerezi. Zonse ndinamva bwinobwino.

Mphunzitsi wina wa komiti ya zamayendedwe anafotokoza za matope, za galimoto imene inagona m'dambo masiku awiri, za ophunzira amene anaphonya makalasi. Komiti yake inkapempha kuti munda usamuke. Atakhala pansi, a Dokotala Mbewe anaimirira.

"Ndikupereka ganizo loti mundawu ukhale komwe uli, ndipo tikambirane ndi alimi za msewuwo."

"Ganizo laperekedwa," anatero a Dini. "Alipo wosekonda?"

Muholo munati zii.

A Dokotala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga. Kumanzere kwa a Dini kunali mapulofesa awiri a imvi amene anali asanatsegule pakamwa. Ndiyankhule iwo asanayankhule? Ndiponso ndisekonde mwana? Ndinati ayambe atopa kaye.

A Dokotala analemba kanthu msangamsanga pa kapepala, n'kukapinda. Kanayenda dzanja ndi dzanja mpaka kanandipeza kuchitseko kuja. Ndinakaika m'thumba la jekete osakatsegula. Pamsonkhano wanga, wopatsirana timakalata ndimamutulutsa panja.

A Dini anafunsanso kachiwiri. Kenako anayang'ana ine, mwaulemu ndithu.

"Bambo oimira alimi, muli ndi mawu?"

Apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Munthuyo ananditsegulira chitseko ndi manja ake. Ine ndinakweza chibwano.

"Pitirizani. Ndiyankhula nthawi yanga ikakwana."

A Dokotala anatseka maso. A Dini anadikira pang'ono, n'kunena kuti: "Popanda wosekonda, ganizo lagwa. Zimene yapempha komiti ya zamayendedwe ndi zomwe zichitike. Nambala eyiti." A Tembo analemba. Ine sindinade nkhawa. Kwathu nkhani siigwa wamkulu asanatsokomole.

Anadutsa nambala eyiti, naini, teni. Pamapeto a Dini anati, "Zina ndi zina?" Ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, ndinatsokomola.

Ndinayankhula, abale. Sindidzitama, koma ndinayankhula. Ndinawauza mmene munda wa kadukutu umaonekera, ndi mmene mwini wake amaonekera. Ndinawauza za malata a amayi amasiye aja. Ndinawauza zimene kalabu inandituma: kuti tinagwirizana kale kuthira miyala padambo pomwe galimoto imatitimira, ndipo mvula ikanyanya tizikatenga ophunzira kumsewu pa ngolo zathu, mwaulere. Nditamaliza anaomba m'manja. Pulofesa mmodzi anavula magalasi n'kuwapukuta. Ndinakhala pansi ndikudikira kuti a Tembo afufute zimene analemba zija.

"Bambo, mwayankhula zogwira mtima," anatero a Dini. "Za miyala ndi ngolozo zikanasintha zinthu tikanazimva pa nambala seveni."

"Mwazimva tsopano."

A Tembo anatsegula kabuku ka malamulo. Anati nkhani imene yagamulidwa siitsegulidwanso pamsonkhano womwewo. Wofuna kuti ionedwenso amalemba kalata, ndipo imalowa pa ajenda ya msonkhano wotsatira. Msonkhano wotsatirawo unali wa teremu ina, mtedza utadzalidwa kalekale.

"Ndiye mukundiuza kuti pepala limaposa munthu?"

"Muno ndi choncho, achikulire. Tikapanda kutero, aliyense azidzutsa nkhani imene yamuwawa, ndipo sitingaweruke."

Ankanena zoona. Komiti yanga ya mjigo inakhalapo mpaka dzuwa kulowa chifukwa cha zomwezo.

Panja, a Dokotala anandipeza ndikuyang'ana minibasi. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Analipo anayi amene akanavota nafe, bambo. Sankafuna kukhala oyamba kutsutsa komiti ya anzawo. Ankadikira mwini nkhani. Atakuonani muli phee, anaganiza kuti mwina alimiwo munda sakuufunanso."

Kapepala kaja ndinakatsegula tili m'njira, titachoka kale pa boma. Kanali ndi mzere umodzi: "Bambo, ingonenani kuti ndasekonda. Basi."

Ndiulule zonse, poti ndayamba kale. Nditafika kumudzi, kalabu inasonkhana kudzamva. Ndinati: "Ndinayankhula. Anaomba m'manja." Amayi anaimba nthungululu. Sindinaname, koma sindinawaletse. Nabanda okha ndi amene sanaombe m'manja. Anandiyang'ana mmene amayang'anira thumba la mtedza limene akulikayikira kuti pansi pake pali chuku.

Ndinayenda ndi ulemu umenewo masabata atatu. Kenako maminitsi anafika. Mlembi wa kalabu yathu ndi mayi Sakala, mmodzi wa amasiye a malata aja, ndipo Chingerezi amachitha. Anawerenga pamaso pa onse, akumasulira mzere ndi mzere. Atafika pa nambala seveni anachepetsa liwiro.

"Ganizo loti munda ukhale linagwa posowa wosekonda. Woimira alimi analipo."

Anakweza maso.

"Analipo," anabwereza.

Palibe anandinyoza. Anthu akwathu amandiopa. Anangonyamuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mbuzi zake. Sabata yotsatira lole inabwera kudzazula chikwangwani cha munda. Mvula itagwa, kuseri kwa tchalitchi kunamera chisoso. Wofuna mbewu yatsopano ankapalasa njinga mpaka kwa Zulu, kukapempha kwa anthu amene kale ankabwera kudzapempha kwa ife. Ena anapatsidwa. Mayi Sakala anabwerako ndi thumba lopanda kanthu.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga anagonera mpaka anasasa.

Kalata yopempha kuti nkhani ionedwenso tinalemba. A Dokotala anatithandiza, ndipo inalowa pa ajenda. Kalabu inakumana kuti isankhe wokaimira alimi ulendo wachiwiriwu. Ine ndinali pampando, monga mwa nthawi zonse. Ndinayembekeza kuti acheukirenso kwa ine. Sanacheuke. Aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Kenako a Mwale, munthu wofatsa amene sanatsutsanepo nane chibadwire, anaimirira atagwira chipewa ndi manja awiri.

"Ndi ulemu wonse, atcheya... ine ndimati... mwina ulendo uno apite mayi Sakala."

Panati zii. Palibe analimba mtima kusekonda ine ndili pompo. A Mwale anayamba kutuluka thukuta. Mayi Sakala anaweramitsa mutu. Kukhala chete kumeneko ndinakuzindikira. Ndinali nditakumvapo kale, muholo ija, nditakhala pafupi ndi makapu a tiyi.

Ndinatsokomola.

"Ndasekonda."

Nthungululu panalibe. Koma a Mwale anakhala pansi ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndipo mayi Sakala analemba m'kope lawo.

Pobwerera kunyumba Nabanda ankayenda pambuyo panga. Titafika pa mjigo anandiputa.

"Mwaona, atcheya? Lilime silinathyoke."

Nditafika ndinatukula matiresi, n'kutulutsa envelopu ija kuti ndikapereke kwa mayi Sakala. Ndisanapite nayo ndinakhala pakhonde n'kuwerenga pepala la a Dokotala lija, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zonse zinalimo. Za kusekonda zinali pa mzere wachitatu, atazidula mzere kunsi kawiri.

Msonkhano wa bodi uli mwezi wa mawa. Kaya munda ubwerera, sindikudziwa. Miyala padambo paja tathira kale, ndipo ngolo yoyamba inali yanga.

Tayi ija inawongoka bwino kwambiri. Kungoti kovalira kulibe.